Mechatronics ndi chiyani, ndipo mwana akaisankha ku yunivesite akukaphunzira zotani?

Zotsatira za mayeso a A Level zikangotuluka, m'mabanja ambiri a ku Mufakose, Highfield, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, mu Harare muno ku Zimbabwe, mumabuka nkhani ya kosi yoti mwana akatenge. Udokotala aliyense amaudziwa. Uloya, uphunzitsi, za maakaunti, palibe amafunsa kawiri. Koma mwana akanena kuti mtima wake uli pa mechatronics, makolo amayang'anana. Agogo ake, amene mwina unyamata wawo wonse unathera ku mgodi kapena m'fakitale ya ku Workington, amafunsa mosapita m'mbali: "Ndiye iwe mwanawe, udzakhala makaniko kapena wa magetsi?" Mwanayo akayankha kuti zonsezo, kuphatikizaponso makompyuta, chikayiko chimangokulirakulira, poti akuluakulu anatiuza kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Funso la agogowo si la umbuli ayi. Mabwana ena olemba ntchito amafunsa lomwelo, ndipo mainjiniya okhaokha sanamvanebe pa yankho lake. Fizi ya zaka 4 kapena 5 si ndalama yoseweretsa, makamaka m'banja limene likutumizanso kangachepe kwa abale ku Dedza kapena ku Mangochi. N'chifukwa chake nkhaniyi ikufunika kuiona modekha.

Makina amene amamva, n'kusankha, n'kuchita

Tiyambire pa chinthu chimene vuto la madzi latizoloweretsa mu Harare muno: mjigo wa pampu, ndi thanki pamwamba pa nsanja. Poyamba munthu ankayatsa pampu n'kumadikira kuti madzi asefukire, kenako n'kuthamanga kukazimitsa. Akaiwala, madzi ankatayika usiku wonse. Mjigo ukaphwa pampu ikuzungulirabe, mota inkapsa. Masiku ano m'thanki amapachikamo kachipangizo koyandama. Madzi akatsika kamapendekeka, swichi ya m'kati mwake n'kulumikiza, pampu n'kuyaka. Akadzadza kamadzuka, pampu n'kuzima. M'kabokosi ka pakhoma, ngati wokonzayo sanaumire, mumakhalanso china choyang'anira mphamvu imene mota ikukoka. Mphamvuyo ikatsika mwadzidzidzi ndiye kuti pampu ikupopa mpweya, ndipo kabokosiko kamaizimitsa isanapse.

M'kachinthu kakang'onoka muli zonse zimene mechatronics imaphunzitsa. Muli thupi la makina: pampu, shafiti, mabelingi, mapaipi. Muli zamagetsi: mota, mawaya, ndi sensa imene imauza makinawo zimene zikuchitika. Muli lamulo loti zikatere chita chakuti, ndipo m'makina akuluakulu lamulolo limalembedwa ngati pulogalamu ya kompyuta. Mechatronics ndi uinjiniya wopanga mbali zonsezi pamodzi kuyambira pa pepala, osati wina apange chitsulo chake, wina adzamangirirepo mawaya pambuyo.

Chifukwa chozipangira pamodzi chikuoneka pa thanki lomweli. Mota ikamayaka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa amene imakoka ikakhazikika, ndipo imatentha. Wolemba lamulo akanena kuti pampu iziyaka madzi akangotsika ndi chala chimodzi, ndiye kuti munthu aliyense wotsegula mpopi aziyatsa mota, ndipo motayo sikhalitsa. Choncho pakati pa malo oyakira ndi malo ozimira pamafunika mpata wokwanira. Kukula kwa mpatawo kumadalira kukula kwa thanki, mphamvu ya pampu, ndi madzi amene mjigo ungapereke pa ola. Chosankha chimodzi chakhudza madzi, chitsulo, magetsi ndi pulogalamu. Munthu wodziwa mbali imodzi yokha angachiphonye mosazindikira.

Mtima wa phunziroli

Pali mfundo imodzi imene wophunzira akaimvetsa, zina zonse zimayamba kulongosoka. Mainjiniya amaitcha feedback: makina ayeze zotsatira za zimene angochita, aziyerekeze ndi zimene zikufunika, n'kudziwongolera okha.

Wophika nsima sayeza ufa pa sikelo n'kuukhuthulira mumphika kamodzi. Amathira pang'ono, n'kuvundula, dzanja n'kumuuza mmene mthiko ukulemerera, ndipo pamenepo amasankha kuwonjezera kapena kuleka. Ufa ukhale wa mgaiwa kapena woyera, moto ukhale wa makala kapena wa nkhuni, nsima imalimba bwinobwino chifukwa wophikayo akumva zimene zikuchitika mumphika mphindi iliyonse. Makina opanda sensa amangotsatira muyezo umene anapatsidwa, zinthu zikasintha sadziwa. Makina a feedback amamva n'kusintha.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa kompyuta. Mu 1788 James Watt anaika pa injini yake ya nthunzi timipira tiwiri tachitsulo tozungulira limodzi ndi injiniyo. Liwiro likakwera timipirato tinkatambasuka n'kukoka ndodo yochepetsa nthunzi. Likatsika tinkabwerera, nthunzi n'kuwonjezeka. Munalibe waya ngakhale mmodzi. Koma injini zina zokhala ndi chipangizochi zinali ndi khalidwe lodabwitsa: m'malo mokhazikika pa liwiro lofunikalo, zinkangothamanga, n'kufooka, n'kuthamanganso, osaleka. Mu 1868 James Clerk Maxwell anafotokoza ndi masamu chifukwa chimene chipangizo chowongolera chingasandukire chosokoneza. Gwero lake ndi kuchedwa. Pakati pa kuyeza ndi kuchita pamadutsa kanthawi, ndipo chowongolera chikakhala chaphuma chimapyola muyezo, n'kubwerera mwamphamvu, n'kupyolanso mbali inayo.

Mu 1922 Nicolas Minorsky, pofufuza njira yoti sitima zapamadzi za asilikali a ku America ziziwongoleka zokha, anaonetsetsa mmene woyendetsa waluso amagwirira chiwongolero. Anapeza kuti amayang'ana zinthu zitatu: sitima yapatuka motalika bwanji, yakhala ikupatuka kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ikupatuka mofulumira bwanji. Zitatu zimenezi ndi zimene lero zimatchedwa PID, ndipo mudzazipeza m'boyila ya m'fakitale ya shuga, m'uvuni wophikira buledi, ngakhale m'drone yojambula pa ukwati.

Ndakhalitsa pa mfundoyi dala, chifukwa apa ndi pamene pamagona masamu. Achinyamata ambiri amakopeka ndi mavidiyo a pa YouTube a maloboti ovina, n'kumaganiza kuti kosi yonse ndi kulumikiza timawaya. Kuti udziwe ngati makina akhazikika kapena azigwedezeka usanawapange n'komwe, umafunika calculus, ma differential equation ndi njira za Laplace. Mwana amene masamu amangowapirira adzavutika. Amene amawakonda adzasangalala kuona koyamba kuti zimene ankalemba m'kope zikutha kuimitsa mota pamalo enieni amene akufuna.

Zinachokera kuti

Dzinali linabadwira ku Japan mu 1969, ku kampani ya Yaskawa yopanga ma mota, ndipo amene analiyambitsa ndi injiniya wawo Tetsuro Mori. Nthawi imeneyo zinthu zingapo zinkachitika pafupifupi nthawi imodzi. Mu 1961 kampani ya General Motors inaika loboti yoyamba ya m'fakitale, Unimate, ku New Jersey. Sitikunena maloboti a pamsewu aja, koma mkono wachitsulo umene unkanyamula zitsulo zotentha zochokera m'chikombole, ntchito imene inkavulaza anthu. Mu 1971 Intel inatulutsa 4004, ubongo wa kompyuta pa kachidutswa kochepera chikhadabo. Kuchokera pamenepo kuika nzeru m'makina kunayamba kutchipa chaka ndi chaka. Mu 1978 Bosch ndi Mercedes-Benz anatulutsa mabuleki a ABS a zamagetsi, amene amamva kuti tayala latsala pang'ono kukhwekhwereza n'kumasula buleki kangapo pa sekondi imodzi. Honda Fit iliyonse yodutsa mu Samora Machel Avenue yadzaza ndi zidzukulu za zipangizo zimenezi, ndipo n'chifukwa chake makaniko wa lero amayamba walumikiza kamakina kowerenga zolakwika asanagwire sipanala.

Koma chipangizo chimene wophunzira wa kuno adzakumane nacho kwambiri pa ntchito ndi PLC, kompyuta yolamulira makina a m'fakitale. Isanabwere, makina a m'fakitale ankalamulidwa ndi makabati odzaza ma relay (maswichi oyatsidwa ndi magetsi) mazanamazana, ndipo kusintha kagwiridwe ka ntchito kunkatanthauza kumasula mawaya n'kuwalumikizanso kwa masabata. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Dick Morley ndi anzake anapanga Modicon 084, kompyuta yolimba yoti ipirire fumbi, kutentha ndi kugwedezeka. Pulogalamu yake inkajambulidwa mofanana ndi mapulani a ma relay amene amisiri a magetsi ankawadziwa kale, ndipo kalembedwe kameneko, ladder logic, kakugwirabe ntchito mpaka lero. PLC imawerenga masensa onse, n'kutsata pulogalamu, n'kulamula ma mota ndi mavaluvu, kenako n'kuyambiranso, kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Kanthu kamodzi kakang'ono kakusonyeza maganizidwe a ntchitoyi. Masensa ambiri a m'fakitale amatumiza uthenga wawo ngati magetsi a pakati pa 4 ndi 20 mA. Thanki likakhala lopanda kanthu sensa imatumiza 4, osati 0. Chifukwa chake n'choti waya akaduka, PLC idzaona 0 n'kudziwa kuti vuto ndi waya, osati kuti madzi atha. Injiniya wabwino amapanga makina akuganizira tsiku limene chinthu chidzaonongeke.

Zimene zimachitika m'kalasi

Mayunivesite amasiyana m'mayina a maphunziro, koma njira yake ndi yofanana. Chaka choyamba ndi maziko: masamu, fizikisi, kujambula mapulani, kulemba mapulogalamu, ndi kulowa m'shopu kukaphunzira kudula, kuboola ndi kuwotcherera chitsulo. Zikatero pamabwera kulimba kwa zitsulo, kayendedwe ka madzi ndi kutentha, ma circuit, ndi ma mota. Zaka zakumapeto ndiye za ulamuliro wa makina, ma microcontroller (timakompyuta ta pa kachidutswa kamodzi), PLC, makina oyendera mafuta kapena mpweya wopanikizidwa, maloboti, ndi makina a CNC odula chitsulo motsatira pulani ya pa kompyuta.

Mukalowa m'chipinda cha wophunzira wa chaka chachitatu mungapeze patebulo kagalimoto ka matayala awiri, kabatire komangidwa ndi tepi, ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino pamwamba. Pansi wamata mzere wakuda woti kagalimotoko kazitsata. Koyamba kamayenda ngati koledzera, kumanzere, kumanja, mpaka kutaya mzere. Mwiniwake amasintha nambala imodzi mu pulogalamu, n'kuyesanso. Kenako amazindikira kuti vuto lina si pulogalamu: tayala limodzi likuterereka, ndipo batire ikafooka sensa imanama. Ndi vuto lija la injini za Watt, koma tsopano lili m'manja mwake. Arduino inayamba mu 2005 ku Ivrea, m'dziko la Italy, ndipo kutchipa kwake kwathandiza kuti mwana wa ku Glen View ayese yekha zinthu zimene kale zinkafuna labotale yathunthu.

Pamakhalanso atachimenti, miyezi ingapo mpaka chaka wophunzira ali pa kampani, ndipo pomaliza pulojekiti yakeyake yoti aipange n'kuiteteza pamaso pa aphunzitsi. Kwa ine atachimenti ndi imene imasiyanitsa kwambiri omaliza maphunzirowa. Amene anakhala miyeziyo pafupi ndi amisiri, akutsegula makabati n'kufufuza zolakwika makina ataima usiku, amatuluka ali munthu wina poyerekeza ndi amene anangopatsidwa mpando mu ofesi.

Kokaphunzira, ndi mapepala ake

Chinhoyi University of Technology, imene inayamba mu 2001, ndi imodzi mwa zodziwika bwino pa digiri ya mechatronics m'dziko muno. Midlands State University ya ku Gweru nayonso imaphunzitsa. Mu Harare, University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, imene inayamba m'zaka za m'ma 1950 ngati University College of Rhodesia and Nyasaland, ili ndi dipatimenti yophatikiza uinjiniya wa mafakitale ndi mechatronics. Harare Institute of Technology ku Belvedere, imene inakhala yunivesite mu 2005, ndi National University of Science and Technology (NUST) ya ku Bulawayo zili ndi madigiri oyandikana nawo kwambiri, monga a electronics ndi a kapangidwe ka zinthu m'mafakitale. Dzina la kosi lisakutengeni mtima msanga. Pemphani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, ndipo ngati n'kotheka kaoneni labotale ndi maso anu.

Khomo lalikulu lolowera ndi A Level, makamaka masamu ndi fizikisi, pamwamba pa O Level yokhala ndi Chingerezi. A amawerengedwa mapointi 5, kutsika mpaka E wa pointi 1, ndipo malo akachepa mapointi ndi amene amalankhula. Okhala ndi dipuloma ya uinjiniya amathanso kulowa. Mwana wochokera ku Malawi ndi MSCE ayambe wafunsa ku ofesi yolembera ophunzira asanakwere basi.

Digiri iyenera kukhala yovomerezedwa ndi ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Ndipo kuvala gauni sikupangitsa munthu kukhala injiniya wolembedwa m'kaundula. Lamulo la mu 2008 linakhazikitsa Engineering Council of Zimbabwe, imene imalemba mainjiniya mogwirizana ndi Zimbabwe Institution of Engineers, munthu atagwira kaye ntchito zaka zingapo pansi pa odziwa. Wofuna kukagwira ntchito ku South Africa adzadutsanso ku SAQA, bungwe la kumeneko lounika mapepala a maphunziro, ndi ku ECSA, bungwe la mainjiniya, kuti alembedwe.

Palinso njira ina imene makolo ambiri amaiona ngati yotsika, chonsecho si yotsika. Harare Polytechnic ndi makoleji ena amapereka satifiketi ndi dipuloma za HEXCO, bungwe la mayeso a m'makoleji, ndipo makampani akuluakulu amatenga achinyamata kuwaphunzitsa umisiri ali pa ntchito mpaka adzalembe trade test. Millwright ndi mmisiri wa zitsulo ndi magetsi pamodzi, ndipo wa instrumentation amasamala masensa ndi zowongolera. Kusiyana kwake kuli apa: mmisiri amaphunzitsidwa kuika, kusamala ndi kukonza makina amene alipo, pamene wa digiri amaphunzitsidwa kuwerengetsa ndi kupanga amene kulibe. M'fakitale awiriwa amadalirana, ndipo m'zaka zoyamba wa digiri ndi amene amaphunzira zambiri kwa mnzakeyo.

Ntchito zili kuti

Kulikonse kumene makina amayenda okha. Mizere yothira zakumwa m'mabotolo ku Delta, yokonza mkaka ku Dairibord, zigayo za National Foods, mafakitale a shuga ku Triangle ndi Hippo Valley. Migodi ya platinamu ya Zimplats, Mimosa ndi Unki. Fakitale ya lithium ya Arcadia ku Goromonzi, imene inatsegulidwa mu 2023, ndi ya chitsulo ku Manhize, imene inayamba kusungunula mu 2024. Kuwonjezera apo pali makina a m'zipatala, zikepe za m'nyumba zosanja, ndi ulimi wothirira. Nthawi zambiri chikalata cholengeza ntchito sichitchula mechatronics n'komwe. Chimangoti akufuna injiniya wosamala makina, wa automation kapena wa instrumentation.

Kuvuta kwa magetsi nakonso kwatsegula ntchito. Nyumba ndi mabizinesi ambiri tsopano ali ndi sola, inveta, mabatire ndi jenereta, ndipo pamafunika wina woti zonsezi zizilandirana bwino kampani ya magetsi ya ZESA ikathimitsa. Palinso nkhani yopulumutsa magetsi. Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, ndipo mota wamba ikalumikizidwa mwachindunji imathamanga pa liwiro limodzi, ntchito ichuluke kapena ichepe. Kuika chipangizo chosintha liwiro, VSD, kumasintha zinthu kwambiri: pa fani kapena pampu yozungulira, kuchepetsa liwiro ndi 20 peresenti kungachepetse magetsi ndi pafupifupi theka. Wachinyamata wodziwa kuwerengetsa zimenezi n'kuzisonyeza kwa mwini fakitale ali ndi chogulitsa.

Zimene sizinayankhidwebe

Mtsutso waukulu ndi uja wa agogo. Ena amati ndi bwino kuyamba ndi digiri ya mechanical kapena ya electrical, kuzama m'modzi, n'kudzawonjezera zinazo pambuyo, chifukwa m'zaka zomwezo wa mechatronics sangafike pakuya pamene anzakewo amafika. Ena amati makina a masiku ano amavuta pamalo pamene mbalizi zimakumanirana, ndipo fakitale yaing'ono ya ku Graniteside kapena Msasa singakwanitse kulemba mainjiniya atatu. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake m'mafakitale enieni.

Kenako pali funso la malo. Mafakitale a dziko lino anafota kwambiri kuyambira m'zaka za ESAP, ndondomeko yosintha chuma ya m'ma 1990, mpaka mavuto a 2008, chaka chimene fakitale ya zitsulo ya ZISCO ku Redcliff inazima. Migodi ndi mafakitale atsopano akubwera, koma kodi akukula mofulumira mokwanira kulandira onse ofuna atachimenti, osanenanso za ntchito? Boma, kudzera mu ndondomeko ya Education 5.0, likufuna kuti mayunivesite asamangophunzitsa ndi kufufuza koma azipanga zinthu zogulitsika, ndipo lamanga malo oyesera nzeru zatsopano m'mayunivesite angapo. Ndi mapulojekiti angati a ophunzira amene adzachoke pa tebulo la chionetsero n'kufika pa msika, nthawi ndi imene idzaonetse.

Makina ambiri akuluakulu amagulidwa kunja, ku China, Germany kapena South Africa, ndipo ena amabwera pulogalamu yake ili yokhoma, moti akavuta pamafunika kuitana katswiri wa kampani yogulitsayo. Kodi injiniya wa kuno adzaloledwa kufika pati m'kati mwa makina otero? Adzakhala wopanga, kapena wongosamala zopangidwa ndi ena? Ndipo akadziwa bwino ntchito, n'chiyani chidzamugwire kuti asapite ku Johannesburg kapena ku Australia, kumene luso lomwelo limalipidwa bwino?

Funso lomaliza likutikhudza ife mwapadera. Makolo athu ambiri anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Zambia kudzagwira ntchito za manja m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'mafakitale, ndipo abale athu ena akuzigwirabe. Makina odziyendetsa amachotsa anthu pa ntchito zoopsa ndi zotopetsa, amathandiza fakitale kupikisana ndi katundu wochokera kunja kuti isatsekedwe, komanso amachepetsa manja ofunika pa mzere umodzi. Mdzukulu akaika makina olongedza mabotolo pamalo pamene pankaima anthu khumi, ena mwa khumiwo angaphunzitsidwe kuyendetsa makinawo. Za otsalawo, makampani, mabungwe a ogwira ntchito ndi boma sanagwirizanebe kuti udindo wowapezera pogwira ndi wa yani.